Ulendo wathu wa ku Hakata ndi Takashima

Gulu lathu la ophunzira mbiri yakale linanyamuka ku Fukuoka Loweruka m'mamawa. Ambiri tinkangodziwa nkhani imodzi, yoti namondwe wotchedwa kamikaze ndiye anapulumutsa Japan kwa asilikali a Kublai Khan, mfumu ya Amongoli.

Tinayambira ku Iki no Matsubara, komwe kudakali mbali ina ya linga la miyala. Amongoli atabwera koyamba mu 1274, boma la ku Kamakura linalamula mu 1276 kuti amange lingali m'mbali mwa gombe la Hakata, mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Kunena zoona, poliona koyamba ndinagwa ulesi, chifukwa silinapose mamita awiri kapena atatu. Koma aphunzitsi athu anatiuza kuti titsikire kumchenga, tiliyang'ane ngati munthu wotsika m'bwato, mivi ikugwa ngati mvula. Apo ndinakhala chete. Mu 1281 adaniwo analephera kukocheza pamenepa, ndipo namondwe anawapeza akadali m'zombo pafupi ndi chilumba cha Takashima.

Ku Takashimako tinafika masana, titawoloka mlatho. M'nyumba yosungiramo zofukulidwa ya mzinda wa Matsuura tinaona anangula akuluakulu a matabwa ndi miyala, mbiya za ku China, ndiponso chidindo cha mkulu wa asilikali cholembedwa m'zilembo za boma la Amongoli zotchedwa Phags-pa. Chombo cha Amongoli chomwe akatswiri anachipeza mu 2011, cha msana wa mamita 12, sitinachione. Chikadali pansi pa nyanja, anachikwiriranso kuti chisawole.

Chomwe chinautsa mkangano ndi timabomba ta dongo, totchedwa tetsuhau. Pa mpukutu wa zithunzi womwe Takezaki Suenaga, msilikali wa ku Japan amene anamenya nawo nkhondozi, anajambulitsa, bomba lotere likuphulika pafupi ndi hatchi yake. Mnzathu wina anati mpukutuwo ngosadalirika: Suenaga ndi munthu amene anayenda ulendo mpaka ku Kamakura kukadandaula kuti sanapatsidwe mphotho, ndiye angalephere bwanji kuthira mchere nkhani yake? Akatswiri enanso amati bombalo linawonjezedwa pachithunzipo pambuyo pake. Chabwino. Komatu mabomba enieni anali patsogolo pathu, ovuulidwa m'matope, lina lili ndi tizitsulo m'kati.

"Ndiye inu aphunzitsi, tikhulupirire chithunzi kapena matope?" anafunsa mnzathuyo.

Iwo anangoseka, natipatsa funsolo kuti tikalembe. Tinakangana m'basi mpaka ku Fukuoka, ndipo ine ndinali kumbali ya matope.