Mpanda si malire: momwe ndinagulira nyumba pa tauni ya Kasungu

Nyumba yomwe ndikukhalamo pano inamangidwa ndi kampani ina imene inagula malo aakulu kunja pang'ono kwa tauni ya Kasungu, n'kuwadula mapuloti, n'kumangapo nyumba zogulitsa. Nyumbazi n'zooneka bwino, mpanda wanjerwa mbali zonse, geti imodzi yolowera tonse, ndi thanki ya madzi pamwamba pa nsanja. Ejenti amene ankandionetsa analoza mpandawo n'kunena kuti, "Bambo, zonse zili m'katimu ndi zanu." Ndinamuyankha kuti ndione kaye mapepala.

Pepala limene anabweretsa linali lizi ya malo onse aja, m'dzina la kampani. Puloti yanga inalibe pepala lakelake. Apa ndi pamene anthu ambiri amapwetekera, chifukwa kalata yogulitsana yokha siikupangani kukhala mwini malo m'mabuku a boma. Malo akadulidwa, a zamapulani ayenera kuvomereza kadulidweko, woyeza malo wovomerezeka ayeze puloti iliyonse, ndipo deed plan yake, mapu osonyeza malire a pulotiyo, idutse ku ofesi ya Surveyor General. Ndinapereka theka la ndalama kudzera kwa loya, n'kulemberana kuti zotsalazo zidzatuluka pokhapokha deed plan ya puloti yanga itaoneka. Loyayo anakafufuzanso ku unduna wa za malo ku Lilongwe ngati kampaniyo sinapereke malowo ngati chikole kubanki. Anapeza kuti ali bwinobwino. Anandikumbutsanso kuti zaka 99 za lizi zinayamba kuwerengedwa tsiku limene boma linapereka malowo kwa kampani, osati tsiku logula ine.

Deed plan itatuluka ndinaitana woyeza malo wanga, osati wa kampani. Tinayenda ngodya zonse zinayi kufunafuna mabikoni, zizindikiro za malire a puloti. Kutsogolo anapezeka msanga. Kumbuyo tinakumba ndi khasu m'tsinde mwa mpanda osapeza kanthu, mpaka makina ake anatilozera pakati pa bedi la mpiru lomwe mlonda analima. Pansi pa dothi panali kachibuma ka simenti, kachitsulo kali pakati, m'kati mwenimweni mwa bwalo langa. Ndiye kuti omanga anakankhira mpanda kunja ndithu, kulowa m'njira ya ngalande ya madzi a mvula. Malo amene ndikanamangapo khola la nkhuku sanali anga konse, ndipo madzi akadzasefukira kwa aneba, mlandu ukanagwera ine. Kampani inayamba yakana, ati mpanda ndi mpanda basi. Woyeza uja atalemba lipoti, inagwetsa mbali imeneyo n'kumanganso pa mzere wa mabikoni ndi ndalama zake.

Nkhani yomwe inandisowetsa tulo kwambiri ndi ya zinthu za kunja kwa geti langa. Msewu wolowera, mjigo wa sola, thanki, ngalande ndi kanyumba ka mlonda, zonsezi mwini wake ndani? Ine ndinkayembekeza kumva kuti msewu ndi wa khonsolo ya Kasungu. Ayi ndithu. Zonse zinalembedwa m'dzina la kampani yachiwiri, yomwe ankati ndi yoyang'anira malo, ndipo aliyense wogula ankayenera kuilipira mwezi ndi mwezi. Titafufuza ku ofesi ya Registrar General, komwe makampani amalembetsa, tinapeza kuti eni ake ndi omwe aja a kampani yomanga. Ife ogula tinalibemo mawu. Akanatha kukweza mtengo wa madzi m'mene afunira, kapena kudula puloti ina pamalo okhotera galimoto.

Sindikunena kuti kulipirira mlonda ndi kukonzetsa mjigo n'kolakwika. Zinthu zimawonongeka ndipo wina ayenera kuzisamala. Koma munthu wogula nyumba ndi thukuta la zaka zambiri asamalowe pakhomo pake ngati mlendo wodutsa m'munda mwa eni.

Ndinayenda khomo ndi khomo kwa anzanga omwe anagula kale. Mayi ena achikulire, mphunzitsi wopuma, anati, "Mwanawanga, ife tinangosayina, tinkathamangira makiyi." Tinagwirizana kukakumana ndi kampaniyo pamodzi. Tinapempha kuti ufulu wodutsa mumsewu ndi wotunga madzi ulembedwe m'mapepala a puloti iliyonse, kuti mtengo usakwere popanda msonkhano wa eni nyumba, ndiponso kuti nyumba yomaliza ikadzagulidwa, kampani yoyang'anirayo idzakhale m'manja mwathu, nyumba iliyonse voti imodzi. Ziwiri zoyambazo anavomera n'kusayina. Chachitatucho anachilemba, koma tsiku lenileni sanaikepo.

Zotsalazo zinali za mizere ndi zidindo: chilolezo cha unduna chosinthira dzina, kalata ya bungwe lotolera misonkho la MRA yosonyeza kuti wogulitsa alibe ngongole ya msonkho, msonkho wa pa mapepala ogulitsana wotchedwa stamp duty, kenako kulembetsa. Ndinaumirira kuona malisiti a ground rent, lendi ya malo yolipira ku boma, ndi mareti a khonsolo, poti ngongole zimenezi zikatsalira amadzagogoda pa geti la wogula.

Nyumba ziwiri sizinagulidwebe, choncho mjigo ndi msewu zikadali m'dzina la kampani ija. Eni nyumba tinasankha komiti ya anthu atatu, ndipo mwezi wamawa tikukapempha kuti atiwonetse mabuku a ndalama zomwe takhala tikupereka.