Ulendo wathu wa ku Milange

Anzanga a gulu lathu la ku Chilobwe, ndati ndilembe za ulendo uja wokaphunzitsana ndi anzathu a ku Milange, ku Mozambique, tisanayambe kutsutsana kuti chinayamba n'chiti.

Tinanyamuka ku Limbe kusanache, anthu 14, minibasi itadzaza makasu, ufa ndi mbaula zachitsanzo. Minda ya tiyi ya ku Thyolo tinaidutsa tikuimba. Titangofika pa Luchenza, tayala phuu! Jeke panalibe. Mukukumbuka mmene a tcheya ndi a msungichuma anakokanirana pamenepo. Awa akuti ndalama ya gulu si yokonzera galimoto ya eni, awa akuti tikadikira eni akewo tigona pamsewu. Anauthetsa ndi agogo athu, amene anangomasula kansalu kawo n'kutulutsa ndalama ya mandasi, osayankhula kanthu. Tonse tinangoti zii. N'chifukwa chake mpaka lero wina akakweza mawu pamsonkhano timangoti "kansalu!"

Pa Muloza tinawoloka dzuwa litapendeka. Anzathu a ku Mozambique anatilandira m'Chichewa chomwechi, chothira Chipwitikizi apa ndi apo. Madzulo anatipatsa nsima ndi matapa, chigwada chotendera nsinjiro ndi kokonati. Achimwene aja a "ine masamba ayi" anawonjezera kawiri, tonse tikuona.

Kwa masiku 5 tinaphunzitsana kuumba chitetezo mbaula, kubzala udzu wa vetiva m'makhwawa ndi kayendetsedwe ka banki m'khonde. Zonse zili m'kope la a mlembi.

Koma chimene ndabwera nacho ine ndi china. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene matope anatsika m'phiri la Soche n'kutikokololera nyumba, sindinkatha kukamba za usiku umenewo. Tsiku lachitatu ndinkaponda dongo ndi mayi wina amene namondwe yemweyo anawagwetsera nyumba, paja namondweyu asanafike kwathu anatulukira kunyanja cha ku Quelimane. Anandifunsa kuti, "Asisi, kwanuko madzi anakufikani pati?" Ndinaloza pachifuwa. Tinalira tonse, mapazi ali m'dongo momwemo. Mawa lake ndinaimirira pamaso pa amfumu ndi mudzi wonse n'kufotokoza mpaka kumapeto, ine amene ndimakhala benchi yakumbuyo.

Zikomo a dalaivala potipirira ndi nyimbo zathu, amayi amene munatsala mukutisamalira ana, ndi inu agogo. Ndalama yanu tibweza Loweruka, ndipo chitenje cha capulana chimene anatipatsa potsanzikana tagwirizana kuti n'chanu.