Loweruka la Nkhondo ya pa Tebulo: Mmene Ndinapulumukira pa Mlatho

Lero masana ndinapita ku holo ya tchalitchi kuno ku Nottingham, kumene gulu lathu limasewerera Bolt Action, masewero a tizidole ta asilikali a Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse omwe amapangidwa ndi kampani ya Warlord Games ya mumzinda uno. Tizidole tanga ndinatipaka utoto ngati asilikali a Keyala (King's African Rifles), chifukwa amuna a ku Nyasaland anali m'gulu la 11th East African Division lomwe linatsika chigwa cha Kabaw ku Burma m'nyengo ya mvula ya 1944, ndipo aliyense amene anaimapo pa chipilala cha chikumbutso ku Zomba angamvetse chifukwa chake sindinasankhe gulu lina. Mnzanga anabwera ndi asilikali a ku Japan. Tinayala nkhalango, kamtsinje ndi kaphiri pa tebulo la mafiti 6 mulitali ndi 4 mulifupi, n'kuika malo atatu olimbirana: mudzi kumanzere kwanga, mlatho pakati, ndi kaphiri kumbali yake.

Ife timatsatabe malamulo omwe anatuluka mu 2016. Kagulu kalikonse kali ndi dayisi yake yolamulira, madayisi a mbali zonse amaikidwa m'kathumba kamodzi, ndipo amene dayisi yake yatuluka ndiye amasuntha; madayisi onse akatha m'kathumba, ndime imodzi ya masewero yatha. Kagulu kakaphedwa, dayisi yake imachoka m'kathumba. Choncho wogonja amagonja kawiri, pakuti asilikali amuchepera, ndiponso mwayi woti dzanja litole dayisi yake umachepa.

Ndinalanda mudzi m'ndime yachiwiri popanda vuto, ndipo mtima unakwera. M'ndime yachitatu ndinathamangitsa timagulu tiwiri pamtetete kulunjika kaphiri, ndikudziwa bwino lomwe kuti mfuti yake ya chiwaya inali itabisalira pamwamba. Palibe tsoka la madayisi lomwe ndingadandaule nalo pamenepa, kunali kupupuluma basi. Pofika kumapeto kwa ndimeyo, madayisi anga anali atatsika kuchoka pa 11 kufika pa 7, pamene iye anali nawo 11.

Mnzangayo atapita kukatenga tiyi ndinakhala ndikuyang'ana tebulo, ndipo chimene ndinkafuna ndi mtima wonse chinali kubwezera chiwaya chija. Koma nditawerenga ndime zotsala ndinaona kuti masewero a lero sankawerengera mitembo. Wopambana ndi amene ali ndi malo ambiri pamapeto, ndipo malo ukawalanda amakhalabe ako mpaka mdani adzaime pafupi nawo mainchesi 3 popanda munthu wako pamenepo. Mudzi unali wanga, kaphiri kanali kake, mlatho unalibe mwini. Kupambana kunali kutandithawa kale, koma kufanana mphamvu kunali kotheka ngati iye akanalephera kulanda mlatho. Ndinaleka kuganiza za kaphiri kuyambira pamenepo.

Choyamba ndinasintha kawomberedwe. Poyamba ndinkaunjika mfuti zonse pa kagulu kamodzi kuti ndikamalize, zomwe asilikali ochepa sangakwanitse. Tsopano ndinamwaza zipolopolo, popeza kagulu kalikonse kakalasidwa, ngakhale pasafe munthu, kamalandira chizindikiro cha mantha chotchedwa pin, ndipo kasanamvere lamulo kayenera kuponyeredwa madayisi awiri osapitirira nambala ya kulimba mtima kwake, yomwe kwa asilikali wamba ndi 9, kuchotserapo zizindikirozo. Kagulu kokhala ndi zizindikiro zitatu kafunika 6 kapena kucheperapo, ndipo nthawi zambiri kamangogona pansi. Kamzinga kanga kokha ndinakasiya pa chiwaya, chifukwa kamayamba ndi kufuna 6 pa dayisi kuti kalase, kenako 5, kenako 4, malinga ngati chandamale sichikusuntha, ndipo kukatembenuza kukanataya ndime ziwiri zomwe ndinali nditapirira kale.

Chovuta n'chakuti asilikali a ku Japan ali ndi lamulo lawo lapadera: akalamulidwa kuthamangira mdani yemwe ali naye pafupi kwambiri, amamvera ngakhale atadzaza zizindikiro. Kwa ndime zitatu lamuloli ndinkaliopa, koma nditaliganizira bwino ndinaona kuti limawamanganso. Kagulu kodzaza mantha kali ndi njira imodzi yokha yodalirika, ndipo njirayo amasankha ndi amene waima pafupi. Ndinatenga anyamata awiri otsala a kagulu kosweka n'kuwaika poyera kumapeto kwa nkhalango, kutali ndi mlatho. Kagulu kake kakakulu, ka amuna khumi ndi awiri, kanawathamangira n'kuwapha, ndipo kanapezeka kali mainchesi opitirira 20 kuchokera pa mlatho ndime imodzi yokha itatsala. Osewera bawo amazidziwa izi, kumusiyira mnzako nkhomo zochepa kuti dzanja lake lithere kumene ukufuna. Ndinamva chisoni pang'ono, popeza awiriwo ndinawapaka utoto usiku wautali wa mu Januwale.

Chomaliza chinali dongosolo la madayisi. Dayisi yanga ikatuluka msanga ndinkaipereka kwa timagulu topanda ntchito, ena kuwagoneka pansi kuti asalasidwe mosavuta, ena kuwapumitsa kuti achotse zizindikiro, ndipo kagulu ka amuna anayi kobisala kuseri kwa nsungwi ndinakasungira dayisi yomaliza. Popeza iye anali ndi madayisi ambiri, kusunga imodzi mpaka kumapeto kunafuna mwayi, ndipo m'ndime yachisanu ndi chimodzi mwayiwo unabwera. Iye anaika mkulu wa asilikali ake pa mlatho, anawombera ndi zonse zotsala, ndipo m'kathumba munatsala yanga. Kuthamanga ndi mainchesi 12. Tinayeza ndi tepi kawiri, aliyense ataweramira pa tebulo, ndipo msilikali wanga wakutsogolo analowa m'mainchesi 3 aja ndi kampata kochepa ngati chikhadabo.

Ndime yachisanu ndi chimodzi ikatha amaponya dayisi imodzi, ndipo ikagwa pa 4, 5 kapena 6 pamakhala ndime ina. Amuna anayi aja sakanakhala ndi moyo ndime yina, ndipo tonse awiri tinkadziwa. Ndinamupatsa mnzanga kuti aponye yekha, ndipo inagwa pa 2. Tinagwirana chanza, malo amodzi kwa aliyense, iye n'kunena kuti sabata yamawa abwera ndi kasinja. Ndafika kunyumba mdima utagwa, ndipo potsegula bokosi ndapeza mfuti ya sajeni itathyoka, moti ndikulemba izi ndi dzanja limodzi, linalo likugwira kachidutswako kuti guluu aume.