Rediyeta ya kuchipinda cha ana: pomwe ndafika

Loweruka loyamba

Chisanu cha kuno ku Leeds, ku England, chikagwira mu Novembala, m'pamene umadziwa chida chaulesi m'nyumba mwako. Kwathu waulesi ndi rediyeta ya kuchipinda cha ana, chitsulo cha pakhoma chofunditsa chipinda ndi madzi otentha ochokera ku boiler, makina otenthetsa madzi a m'nyumba. Anayamba kudandaula ndi mayi a kunyumba: "Bambo a Chisomo, ana akugona atavala majuzi awiriawiri, inu mukungoti boiler ili bwinobwino." Nditaigwira, kumtunda kunali kofunda pang'ono chabe, kumunsi kuli zii ngati mwala wa ku Dedza mu Juni.

Ndinati ndi mpweya basi. Ndinazimitsa boiler, kudikira kuti mapaipi azizire, n'kutenga kakiyi ka rediyeta ndi kansanza. Nditapotokola pang'ono kunamveka tsiii, kenaka madzi n'kuyamba kudontha, ine n'kutseka. Muvi wa pa boiler wosonyeza mphamvu ya madzi m'mapaipi unali utatsika pansi pa 1 bar, choncho ndinawonjezera madzi mpaka unafika pakati pa 1 ndi 1.5, pomwe umayenera kukhala makina akazizira. Madzulo kumtunda kunatentha ndithu. Kumunsi ayi.

Loweruka lachiwiri

Apa m'pamene ndinaona kuti ndinathamangira kuweruza mlandu. Mpweya ndi wopepuka, umakwera m'mwamba, ndiye umaziziritsa kumtunda kokha. Kumunsi kukamazizira, vuto ndi lina.

Ndinayamba ndamasula mutu wa valavu ya manambala yochepetsera kapena kuwonjezera kutentha kwa rediyeta, yotchedwa TRV, poganiza kuti kamsomali kake kakanirira. Ndinakadina, n'kubwerera kokha. Kalibe mlandu.

Chotsala chinali matope. M'kati mwa rediyeta yachitsulo mumachita dzimbiri lakuda lotchedwa magnetite, ndipo poti ndi lolemera limadikha pansi. Mukayendetsa chikhatho mumalimva mmene lakhalira: m'mbali ndi pamwamba pofunda, koma pakati chakumunsi pozizira ngati kachulu. Madzi otentha amangolambalala.

Ndinatseka mavalavu onse awiri. Ya mbali inayo, lockshield, imene imaika malire a madzi odutsa m'rediyeta, ndinawerenga kuti ndaizunguliza kangati n'kulemba pa kapepala, chifukwa mutu wangawu sindiukhulupirira. Ndinayala matawulo akale, kutchera beseni, n'kumasula nati ndi sipanala. Abale, zimene zinatulukamo! Madzi akuda bii, ngati mwatsukiramo makala. Ndinatsitsa rediyeta ndi mnzanga wina wa ku tchalitchi, titaitembenuza kuti mabowo ayang'ane kumwamba, komabe pa masitepe tinadontheza pa kapeti. Za nkhope ya mayi aja sindinena.

Kuseri kwa nyumba ndinalowetsa paipi ya madzi mbali imodzi, uku ndikugogoda ndi hamala ya labala, mpaka madzi anayamba kutuluka oyera. Chisomo anabweretsa maginito a pa firiji n'kuviika m'matope aja, anatuluka atamera ndevu zakuda. Mwanayo anasangalala kuposa ine. Titaibwezera pakhoma, kutulutsa mpweya ndi kuwonjezeranso madzi, inatentha yonse mpaka pansi.

Loweruka lachitatu

Ndinkayesa ndamaliza. Koma m'mawa uliwonse ya pabalaza imakhala itapsa kale pomwe ya ana ikuyamba kumene kufunda. Madzi nawo ndi aulesi, amakonda njira yaifupi. Marediyeta oyandikana ndi boiler amadya kutentha konse, ya kumapeto n'kumalandira makombo.

Mankhwala ake ndi lockshield ija. Ndinatsegula ma TRV onse, kuyatsa makina atazizira, n'kuyenda chipinda ndi chipinda kulemba yoyamba kutentha mpaka yomaliza. Lockshield ya yoyambayo ndinaitseka kotheratu n'kuitsegula kota yokha ya kuzunguliza kumodzi. Yotsatira ndinaitsegulako pang'ono kuposa apo, ya ana n'kuisiya pafupifupi yotsegula yonse. Ambiri amati paipi yolowa ndi yotuluka zisiyane madigiri 12 kapena chapompo, ndipo ndinayesa kutsata zimenezo ndi choyezera kutentha. Ntchito yake ndi yotopetsa kuposa yonyamula chitsulo ija: ukhudza valavu imodzi, udikire mphindi 15, ukapeze kuti inzake yasintha. Tsiku lonse linathera pa masitepe. Ya kubafa sinandimverebe, koma ndaisiya dala, poti kumeneko kutentha kwambiri palibe amene akudandaula.

Pomaliza ndinathiramo lita imodzi ya Sentinel X100 yoletsa dzimbiri, popeza madzi atsopano amabwera ndi mpweya umene umayambitsanso vuto lomweli. Boiler yeniyeniyo sindinaitsegule. Kuno za gasi amagwira ndi anthu olembetsedwa ku Gas Safe, kaundula wa amisiri ovomerezeka a gasi, ndipo amene adzabwere kudzaiona mu Januwale ndidzamupempha andiikire sefa ya maginito pa paipi yobwerera.

Usiku wathawu Chisomo anakankha bulangete n'kupempha kuti tichepetseko, ndiye TRV yake ili pa 3. Banga la pa kapeti ndalichapa kawiri, likadalipo.