Lamulungu la ku Mabvuku, ndi funso la Yohane ali m'ndende

Mvula ya usiku inasiya matope Dzivarasekwa yense, dera lathu la mu Harare ku Zimbabwe, ndipo ku tchalitchi ndinafika nyimbo yoyamba ili pakati. Abusa apita kukadyetsa mgonero ku mpingo wina sabata ino, ndiye analalikira ndi mkulu wa mpingo mmodzi, bambo wofatsa amene amati akanena mfundo m'Chichewa amaibwereza m'Chishona kuti achinyamata asayambe kusinza. Ndi mmene zilili kwathu tsopano. Mpingo unayamba ndi anthu a ku Nyasaland obwera kudzagwira ntchito, mbusa T.C.B. Vlok atafika ku Salisbury (lero Harare) mu 1912 kudzawasonkhanitsa, ndipo mu 1965 unakhala sinodi ya CCAP. Zidzukulu za anthu amenewo lero Chichewa zimangochimva, poyankha zimayankha m'Chishona.

Popeza Khirisimasi yayandikira, anawerenga Mateyu 2 ndi Yohane 1. Anati Mpulumutsi wolonjezedwa atabwera, anthu anagawika pawiri: ena anamulandira, ena anamukana, ndipo amene anamukana anali a kwawo enieni. Anatchula Mariya amene anavomera mawu a mngelo, ndi Zakariya wansembe amene anafuna chitsimikizo mpaka anakhala wosalankhula kufikira mwana atabadwa. Zonsezi timazimva chaka ndi chaka. Chimene chinandigwira ndi cha alembi ndi ansembe aakulu aja. Herode atawafunsa kumene Khristu adzabadwire, sanachedwe n'komwe, anatsegula mneneri Mika n'kuyankha kuti ku Betelehemu wa ku Yudeya. Betelehemuyo ali pa mtunda wosakwana makilomita 10 kuchokera ku Yerusalemu, pafupi kuposa kuchoka m'tauni kupita ku Mabvuku, dera la kum'mawa kwa Harare. Alendo a kum'mawa anali atayenda ulendo wautali chifukwa cha nyenyezi, koma mwa eni malembawo Mateyu satchula ndi mmodzi yemwe amene anavala nsapato kukaona.

Akanathera pamenepo ndikanatuluka wokhuta. Koma pomaliza ananena kuti munthu wofunsafunsa ndiye kuti sanakhulupirire, ndipo amayi a kutsogolo anavomera ndi Ameni wamphamvu. Ine mawu amenewo anandikhala pakhosi, chifukwa ndinali pa ulendo wokaona munthu wofunsafunsa, amalume anga a ku Mabvuku.

Ndinatsikira pa siteji ya Copacabana n'kudutsa tauni wapansi mpaka pa siteji ya pa msewu wa Simon Muzenda, pamene tonse timangopatchulabe kuti pa Fourth. M'njira ndinagula buledi, matimati ndi mango. M'kombi (minibasi) kondakitala analibe chenje, ndiye anatikwatitsa ine ndi mnyamata wina pa dola imodzi, tikagawane tokha potsika. Mnyamatayo anagula nthochi pa siteji n'kundipatsa theka lake, ukwati n'kutha mwamtendere.

Amalume ndinawapeza ali pakhonde, miyendo ili pa kampando. Iwowa ndi mlongo wawo wa malemu mayi anga. Anachoka ku Dedza ali mnyamata m'zaka za chitaganya, pa malole a Ulere amene ankatuta anthu a ntchito kudzera ku Tete, akuti akangopeza ndalama ya njinga ndi malata abwerera. Anakhala khukhi ku Highlands, anakwatira konkuno, ndipo kumudzi anayamba kuwatcha mtchona. Ana awo, monganso ine, tinayenda zaka zambiri ndi zitupa zolembedwa kuti ndife alendo m'dziko lomwe tinabadwiramo, mpaka malamulo a dziko a 2013 anatizindikira ife obadwira kuno kwa makolo a m'maiko a SADC. Ndalama zimene anasunga zinasungunuka mu 2008, ndalama ya Zimbabwe itatha mphamvu. Chaka chomwecho kunabuka kolera imene inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo mmodzi mwa iwo anali mwana wawo wamkazi, amene ankayimba naye kwaya. Kuchokera pa maliro amenewo amalume sanapondenso m'tchalitchi, chonsecho anali munthu woyambitsa nyimbo, wodziwa Masalimo pamtima.

Titapatsana moni, mlamu atandibweretsera tiyi, anandifunsa monga amachitira nthawi zonse.

"Lero anakuuzani chiyani kumeneko?"

Ndinawafotokozera zonse, ngakhale za wofunsafunsa zija. Anaseka pang'ono n'kutuma mdzukulu kuti akatenge Buku Lopatulika lawo kuchipinda. Ndi lakale, chikuto anachisoka ndi ulusi, ndipo posungira tsamba amaikapo ndalama ija ya pepala ya madola 100 thiriliyoni, imene inatuluka mu Januwale 2009 n'kulephera kugula chilichonse chooneka.

"Maso anga achita ng'ala, mwanawe. Tawerenga Mateyu 11 kuyambira pa ndime 2."

Ndi pamene Yohane Mbatizi ali m'ndende. Herode Antipa anamumanga chifukwa chomudzudzula pa nkhani ya Herodiya, mkazi wa m'bale wake, ndipo wolemba mbiri wachiyuda Josephus amati ndendeyo inali ku linga la Machaerus, kutsidya la Nyanja Yakufa. Ali momwemo anatuma ophunzira ake kukafunsa Yesu ngati ali iye wakudzayo, kapena ayembekezere wina.

"Ima pomwepo. Wafunsa ndani?"

"Yohane, malume."

"Yohane uti? Si yemwe anamubatiza mu Yordano? Si yemwe anamuloza ndi chala kuti ndi Mwanawankhosa wa Mulungu? Ndiye akuluakulu anu amuika mbali iti ameneyu?"

Ndinapitiriza. Yesu sanayankhe kuti inde kapena ayi. Anawauza kuti akanene zimene akumva ndi kuona: akhungu akupenya, opunduka akuyenda, akhate akuchira, ogontha akumva, akufa akuuka, osauka akumva Uthenga Wabwino. Kenako amalume anandiuza kuti nditsegule Yesaya 61. Ambiri mwa mayankho a Yesu aja ndi otengedwa kwa Yesaya, ena m'mutu 35, ena m'mutu 61, ndipo Yohane, mwana wa wansembe, sakanalephera kuwazindikira. Koma ndime yomweyo ya Yesaya imene ikunena za uthenga wabwino kwa osauka imapitirira kunena za kumasulidwa kwa am'nsinga ndi kutsegulidwa kwa ndende. Mbali imeneyo m'mawu otumizidwa kwa Yohane mulibe.

"Waona? Munthu ali m'ndende, akumutumizira ndime, pa za ndende pokha n'kudumphapo. Ndipo sanatulukemo. Mutu wake unapita m'mbale pa phwando."

Ndinati ku Nazarete, mu Luka 4, Yesu anawerenga ndime yonseyo pamodzi ndi za am'nsinga zomwe, n'kunena kuti lembo lakwaniritsidwa tsiku lomwelo. Amalume anati inde, anawerengera anthu amene sanali m'ndende, ndipo iwo pothokoza anafuna kumuponya kuphompho. Kenako anaonjezera mwambi wawo umene amaukonda chiyambire 2008, wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Tili pakati pa zimenezi msuweni wanga anatulukira kuchokera ku mapemphero ake. Iye anasiya mpingo wa makolo, amapita kwa mneneri wina wa m'tenti, ndipo anabwera ndi kabotolo ka mafuta odzozedwa koti awapake bambo ake m'maso. Atamva nkhani yathu anadumphiramo osakhala n'komwe pansi. Anati Yohane akanakhala ndi chikhulupiriro chokwanira, akanalamula zitseko n'kutseguka monga zinachitikira Paulo ndi Sila ku Filipi.

"Wamva, mwanawe? Tamuwerengera ndime 11 mwana wangayu."

Ndime 11 ndi pamene Yesu, amithenga aja atangochoka, akuuza khamu kuti mwa onse obadwa mwa akazi sanaukepo wamkulu woposa Yohane Mbatizi. Msuweni anaika kabotolo pazenera n'kulowa m'nyumba kukafunsa ngati nsima yapsa. Sindimunyoza. Bambo ake amawakonda, ndipo ndalama ya mafutawo anaipeza movutika. Koma chiphunzitso chakuti aliyense amene sanamasulidwe ndiye kuti chikhulupiriro chake chinachepa ndimadana nacho, chifukwa chimamenya munthu amene wagwa kale. Chikutanthauza kuti mwana wa amalume anafa chifukwa bambo ake sanapemphere mokwanira, ndipo ine ndinaliko, ndinaona mmene anapempherera.

Nditakhala n'kuganiza, ndikuona kuti mkulu wa mpingo uja ndi msuweni wanga, ngakhale sangakhale pa benchi imodzi, analakwitsa pamalo amodzi. Onse akuyesa kuti kusakhulupirira n'kufunsa. Koma m'Mauthenga Abwino anthu amene akutchedwa osakhulupirira kawirikawiri analibe funso, anali ndi mayankho okhaokha. A ku Nazarete ankadziwa kuti uyu ndi mwana wa Yosefe, nkhani n'kuthera pomwepo. Afarisi mu Yohane 7 anauza Nikodemo kuti akafufuze, ku Galileya sikutuluka mneneri. Yohane 12 imati ngakhale anachita zizindikiro zambiri pamaso pawo sanamukhulupirire, ndipo ikubwereza kudandaula kwa Yesaya 53 kofunsa amene anakhulupirira uthengawo. Imatinso ambiri mwa akuluakulu anakhulupirira ndithu koma anakhala chete poopa kuchotsedwa m'sunagoge, pakuti anakonda ulemu wa anthu. Amenewa ndiwo amandiopsa, chifukwa ndi anthu a m'tchalitchi, a mipando yakutsogolo.

Yohane Mbatizi anali ndi chifukwa chenicheni chokhumudwira. Iye analalikira za nkhwangwa yoikidwa pa mizu ya mitengo ndi za mankhusu otenthedwa ndi moto, ndipo anthu ambiri a nthawiyo ankadikira mwana wa Davide woti athamangitse Aroma. Anabwera munthu wodya ndi amisonkho, Herode ali pampando pake, mneneri ali m'maunyolo. Simeoni anali ataneneratu m'Kachisi, mwanayo ali wa masiku 40, kuti ameneyu adzagwetsa ndi kudzutsa ambiri mu Israele ndipo adzakhala chizindikiro chotsutsidwa. Koma Yohane funso lake sanapite nalo kwa Herode kapena kwa Afarisi, ndipo sanakhale nalo mumtima mpaka liwole. Analitumiza kwa mwini wake. Yesu sanamukalipire, anangoonjezera kuti ndi wodala amene sakhumudwa chifukwa cha iye. Katekisima wa ku Heidelberg wa 1563, pa funso 21, amati chikhulupiriro choona ndi kudziwa ndiponso kudalira. Alembi a Herode kudziwa anali nako kokwanira. Yohane, ngakhale zinthu zinamusokonekera, anadalirabe kuti woyenera kumuyankha ndi Yesu yemweyo.

Nsima inabwera ndi matemba ndi chibwabwa chotendera. Madzi osamba m'manja mlamu anachita kuwayeza, pakuti ku Mabvuku mipope imakhala youma ndipo amakatunga ku mjigo m'bandakucha. Tikudya ndinayesa kuwayankha amalume. Ndinati pa nkhani yonse ya imfa ya Yesu, wandende amene anatsegulidwa chitseko ndi mmodzi, Baraba, ndipo anatuluka chifukwa Yesu anatsala m'malo mwake. Amene sanatulutse Yohane nayenso sanadzitulutse. Ansembe aakulu anamuuza kuti atsike pamtanda kuti amukhulupirire, iye osatsika. Chikhristu chimaphunzitsa kuti ndende imene anadzera kudzathyola ndi ya uchimo ndi imfa, ndipo umboni wake ndi manda opanda kanthu, osati kuti ife tizipulumuka kolera.

Anatafuna nthawi yaitali.

"Zimenezo ndikuzidziwa, mwanawe. Ndinkaziphunzitsa m'kalasi iwe usanabadwe."

"Ndiye mumazikhulupirira, malume?"

"Masiku ena."

Sindinawakakamize. Mu Marko 9 muli bambo wa mwana wodwala amene ananena kuti akukhulupirira, n'kupemphanso nthawi yomweyo kuti athandizidwe kusakhulupirira kwake, ndipo mwana wake anachira. Ndinafuna kuwakumbutsa, koma ndinaona kuti ayankha kuti wakeyo anachira, nanga wanga, ndipo pamenepo ndikanasowa chonena. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu amene anatayiratu Mulungu sasunga malo pa Mateyu 11, ndipo satuma mdzukulu kukatenga Baibulo mlendo asanamalize tiyi.

Ndisananyamuke ndinawafunsa ngati angalole kuti akulu a mpingo adzawayendere. Zaka zonsezi akhala akukana. Lero anati abwere, koma abwere ndi Baibulo la zilembo zikuluzikulu, ndipo adziwiretu kuti adzawafunsa funso lomweli. Mlamu anandiperekeza mpaka pamsewu, akundiuza kuti mankhwala a BP atha Lachinayi ndipo msuweni akuti mafuta aja ndi okwanira. Ndinamupatsa ndalama imene ndinali nayo n'kumupempha kuti akagule yekha osauza munthu.

Pobwerera mvula inatipeza ku Msasa, ndipo pofika m'tauni makombi a ku Dzivarasekwa anali atakweza mtengo monga amachitira kukangogwa dontho. Ndafika kunyumba kutada. Ndalembera mkulu wa mpingo uja pa WhatsApp, kumufotokozera za amalume ndi kumupempha kuti awerengeretu Mateyu 11 pamodzi ndi Yesaya 61. Wayankha kuti apita Lachitatu ndi mnzake mmodzi, ndipo wafunsa kuti akafika ku Mabvuku atsikire siteji iti.