Chesi ku Nchalo

Loweruka ndinaperekeza mwana wa achemwali anga ku mpikisano wa chesi wa ana ku Nchalo, dzuwa likuswa mtengo, ana thukuta kamukamu koma maso ali pa bolodi basi. Ine ndinakulira bawo pansi pa mtengo wa masau, ndiye lamulo loti ukakhudza kachidole uyenera kusuntha komweko linandidabwitsa, mnyamata wathuyu anagwira mfumukazi mosaganiza, gemu nkuthera pompo, misozi mbwembwembwe.

Ndinati iwe usalire, Gukesh wa ku India anakhala katswiri wa chesi wa dziko lonse lapansi mu 2024 ali ndi zaka 18 zokha. Iye amvekere amalume, mundigulire kaye wotchi ija amadina akasuntha. Mtengo wake sindinafunse dala.