Kukaphunzira utolankhani ku Ulaya: konzekerani muli ku Lusaka

Inu a ku yunivesite ya UNZA ndi koleji ya Evelyn Hone, maphunziro afupiafupi a utolankhani ku Ulaya nthawi zambiri amachitika pakati pa Juni ndi Ogasiti, kuno kukuzizira. Yambani ndi viza. Ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Germany, imafuna inshuwalansi ya zaumoyo yotha kukulipirirani chithandizo cha mayuro osachepera 30,000 ndi pasipoti yosatha ntchito mpaka miyezi itatu mutachokako.

Povuta kwenikweni ndi pocheza ndi anthu. Kwathu kuyang'ana pansi ndi ulemu, koma Mjeremani angaganize kuti simukumvetsera, choncho muyang'aneni m'maso. Musanajambule munthu, pemphani chilolezo, makamaka cholemba. Maikolofoni italikirane ndi kamwa ngati chikhatho chimodzi, ndipo valani mahedifoni, poti mphepo imawononga mawu inu osadziwa. Mapulagi athu a mano atatu salowa m'masoketi a ku Germany, gulirani adaputa konkuno.